Vinyo wa mumigolo musamuziziritse ngati Fanta

Mwalemba bwino kuti vinyo woyera wa Chardonnay wokhalitsa mumigolo ya mtengo wa oak amagwirizana ndi nkhuku yowotcha, pamenepo sindikutsutsa ayi, koma nkhani ya kuzizira mwaidumpha achimwene. Ine ndakhala weta zaka zingapo kuno ku Joni, chaku Rosebank uku, ndipo zimandiwawa kuona munthu akuponya ma ice mu tambula ya vinyo wotereyu, ukamuziziritsa kwambiri kafungo ka vanila ndi kabatala kaja kamabisala umangomva kuwawasa basi. Mutulutseni mu fuliji mphindi ngati 20 musanamwe, afike cha pa madigiri 12, ndiye mudzandiuza.

Mgolo wa oak wa ku France umalowa malita 225, ukakhala watsopano vinyo amatenga fungo la mtengo kwambiri, opanga ena amachita kunyanyira mpaka kumveka ngati ukunyambita thabwa kkkk. Pa botolo yang'anani mawu oti wooded, kutanthauza kuti anakhala mumgolo, a kumadera olima mphesa a Robertson ndi Stellenbosch alipo ambirimbiri, vinyo wina woyera wotchedwa Chenin Blanc nayenso amamuika mumigolo.

Kunyumba ku Turffontein tinayesa vinyoyu ndi chambo chimene alamu anatibweretsera kuchokera ku Mangochi, tinachikazinga mu batala kufinyira kandimu pang'ono, nsima pambali, eee zinabeba zedi. Nkhwani wotendera nayenso amayenda chifukwa cha nsinjiro zija. Koma pa nkhuku ya peri-peri kapena mukathira kambuzi musayerekeze, tsabola amaphimba kukoma konse vinyo n'kumangokuwotchani pakhosi, pamenepo bola Castle yozizira.