Mwana wa achemwali akufuna kusiya kozi, ine malume ndinene chiyani?

Lachitatu lapitali foni inalira cha m'ma 11 koloko usiku. Anali mwana wa achemwali anga. Mnyamata ameneyu sayimba foni, amangoflasha, ndiye nditaona kuti wawononga mayunitsi ake ndinadziwiratu kuti kwagwa nkhani. "Amalume, engineering ija ine ndatopa nayo. Ndikufuna ndisiye." Ali chaka chachiwiri ku yunivesite ya boma. Akuti mtima wake uli pa kamera, kujambula mavidiyo ndi kuwakonza pa kompyuta.

Kusanache bwinobwino achemwali nawo anaimba. "Achimwene, mwana wanuyu amulodza. Mulankhuleni, inu amakumverani." Mukudziwa kwathu kuno, nkhani ya mwana ikavuta imathera pakhomo pa malume.

Ndaganiza zoti ndilembe pano chifukwa ndikudziwa kuti si banja lathu lokha limene likulimbana ndi zimenezi.

Choyamba ndivomere kuti inenso ndinasinthapo njira. Nditalemba MSCE ndinkafuna za akaunti. Mayina atatuluka ndinapezeka ndili ku maphunziro a uphunzitsi, kozi yomwe ndinangoilemba pa fomu pofuna kudzaza mzere. Kumudzi kunali nthungululu, mbuzi inafa, ndipo palibe anandifunsa ngati ndikufuna kugwira choko. Ndinamaliza, ndinaphunzitsa pa CDSS ina zaka zisanu, uku ndikuwerenga mabuku a mayeso a akaunti a ICAM usiku ndikamaliza kuchonga makope a ana. Lero ndimawerengera ndalama pa kampani ina yaing'ono. Ndiye musayembekezere kuti ndinena kuti kusintha ndi tchimo.

Tizinena zoona, ambiri a ife kozi sitinasankhe ndife. Mwana wongomaliza Fomu 4 amadzaza fomu ya NCHE, yofunsira malo ku mayunivesite a boma, asanaonepo injiniya akugwira ntchito, asanalowepo mu labu yeniyeni. Amasankha potengera mapoyinti ake, zimene anena aphunzitsi a masamu, ndi zimene mayi ake angakanyadire nazo ku Mvano kapena ku Chigwirizano. Wapeza mapoyinti 9? Ndiye basi udokotala kapena engineering, ngati kuti mwana wanzeru sangakhale mtolankhani kapena mlimi. Ena amapatsidwa kozi imene sankailota n'komwe chifukwa kumene ankafuna malo anadzaza. Kodi munthu wa zaka 18 akalakwitsa pamenepo, tizimumanga nazo mpaka adzapume pa ntchito? Ngakhale ku Chanco komwe, maloya ambiri amene mukuwaona m'makhotimu anayambira kozi ina, n'kudzalowa za malamulo atamaliza chaka choyamba. Palibe anawanena kuti ndi osokonekera.

Komanso nyimbo ija yoti "kozi yakutiyakuti ntchito siyisowa" inatha kalekale. Taona anamwino omaliza maphunziro akukhala pakhomo kudikira kuti boma liwalembe. Taona aphunzitsi a ku pulayimale omaliza maphunziro a IPTE akudikira zaka. Ndiye kukakamiza mwana kozi imene sakuifuna pa chifukwa choti ili ndi ntchito yotsimikizika, n'kumulonjeza chinthu chimene ifeyo sitingathe kumupatsa.

Koma apa mpamene ndimasiyana ndi anzanga ena a pa Facebook pano, amene amangoti "tsatira mtima wako" akudya chipisi mu ofesi yozizira. Malo a ku yunivesite ya boma kuno si chinthu choseweretsa. UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, Mzuni ndi MUST onse pamodzi amatenga ochepa poyerekeza ndi chinamtindi cha ana amene amakhoza MSCE chaka ndi chaka. Ukautaya mpandowo, kuupezanso si masewera, ndipo fizi ya ku makoleji omwe si a boma tonse tikuidziwa. Mnyamata wathuyu akuphunzira pa ngongole ya Loans Board. Ngongole imakhalabe ngongole, kaya digiri watenga kaya sanatenge. Kuwonjezera apo, mayi ake anatapa ndalama ku banki mkhonde kuti amugulire laputopu, ndipo mpaka lero akubwezabe. Mng'ono wake ali Fomu 3, akudikira kuti achimwene akamaliza adzamukoke. Munthu akati "moyo ndi wanga", ine ndimati inde ndi wako, koma pa moyo wakowo pakoloweka anthu angati majekete awo?

Ndiye Loweruka ndinamuitana kunyumba. Sindinayambe ndi ulaliki. Tinadya kaye, kenako ndinamufunsa funso limodzi: chimene watopa nacho ndi engineering, kapena ndi moyo umene ukukhala pochita engineering?

Anakhala chete kanthawi. Kenako zinayamba kutuluka. Ali ndi masapu awiri a masamu, mayeso obwereza aja munthu akalephera, ndipo akuopa kuwidedwa, kutanthauza kuchotsedwa sukulu. Malo ku hositelo sanapeze, akukhala m'kachipinda ka lendi anthu atatu, mtunda wautali ndithu kuchoka pa sukulu. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, kandalama ka upkeep, kodyera ndi kolipirira lendi, kamatha mwezi usanafike pakati, ndiye masiku ena amalowa m'kalasi atangomwa madzi. Pamene kamera, akaigwira Loweruka pa ukwati wa munthu, amadya mpunga wa nkhuku, anthu amamuyamikira, madzulo amabwerako ndi kenakake m'thumba. Ndani sangaikonde kamera pamenepo?

Apa mpamene pagona nkhani yonse, mwa kuona kwanga. Njala ndi mantha a mayeso zimatha kuvala malaya a "kozi iyi si yanga". Munthu amene wadana ndi kozi zenizeni amadana nayo ngakhale atakhuta, ngakhale atakhoza bwino. Ine ndinkakhoza bwinobwino maphunziro a uphunzitsi, koma Lamlungu lililonse madzulo ndikaganiza zoti mawa ndikaima kutsogolo kwa kalasi, m'mimba munkachita kuti juu. Zaka zisanu osasintha. Chimenecho ndiye chizindikiro. Koma ngati chikukuthamangitsa ndi masamu ovuta aja a calculus, dziwa kuti kulikonse kumene ukupita ukakumana ndi calculus wakewake. Wa makamera calculus wake ndi kasitomala amene wadya ukwati, vidiyo watenga, koma ndalama yotsala akuti "tikuonani kumapeto a mwezi" mpaka mwana woyamba kubadwa.

Nthawi nayonso ndi nkhani. Amene ali chaka choyamba, masabata oyambirira, ndipo akuona kale kuti apa ndasochera, asachedwe. Apite ku ofesi ya registrar akafunse ngati n'zotheka kusamukira ku kozi ina, malo ngati alipo, ndiponso ngati magiredi ake a MSCE akukwana kumeneko. Afunsenso kuti ngongole yake iyenda bwanji akasintha. Safunsa anadya phula. Koma amene wafika chaka chachitatu kapena chomaliza, ine ndimati luma mano, tenga pepalalo. Digiri yanga ya uphunzitsi sindiigwiritsa ntchito m'kalasi, koma ndi imene inandidyetsa pamene ndinkalemba mayeso a akaunti, ndipo pa intavyu palibe anandifunsa kuti bwanji munayamba ndi choko. Anangoona kuti munthuyu akayamba chinthu amamaliza. Wa chaka chachiwiri ndiye ali pakati pa mtsinje, kubwerera n'kutali, kuoloka n'kutali. N'chifukwa chake nkhani ya mnyamatayu yandisowetsa tulo.

Ndinenenso za ife makolo, pakuti mlandu wina ndi wathu. Timanyoza ntchito zamanja. Mwana akati ndikufuna ndipite ku Soche Technical kapena ku Lilongwe Technical ndikaphunzire zamagetsi kudzera ku TEVETA, timachita ngati kwagwa maliro. Chonsecho tikamamanga nyumba timachita kumupembedza wa mapaipi kuti abwere, n'kumulipira ndalama imene mwana wathu wa digiri saiona pa mwezi. Achemwali anga chimene chikuwawawa kwenikweni si tsogolo la mwana lokha ayi. N'choti anauza kale mpingo wonse kuti m'nyumba mwawo mukutuluka injiniya. Ndinawauza pamaso, ndipo sanasangalale nane.

Ena mundiuza kuti mapanga awiri avumbwitsa, asankhe chimodzi basi. Mwambiwo ndimaudziwa, koma ine ndinabisala m'mapanga awiri zaka zisanu ndipo sindinavumbwe. Chimene chimavumbwitsa ndi kutuluka m'phanga uli nalo usanaone ngati linalo lilidi ndi denga.

Tinagwirizana chonchi. Masapu akalemba, ndipo ndalama ya mnzake wa chaka chachinayi woti azimuthandiza masamu ndilipira ine. Holide ikubwerayi sapita kumudzi. Ndamupezera malo kwa mkulu wina amene amajambula maukwati ndi zinkhoswe, akagwire naye miyezi iwiri yathunthu. Osati kugwira kamera kokha ayi: kunyamula mawaya a magetsi, kugona pa kompyuta usiku wonse magetsi akabwera mochedwa, kukatolera ngongole kwa makasitomala ovuta, ndi kulemba m'kope ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka. Kopelo ndidzaliona ndekha, ntchito yanga ndi imeneyo. Akadzabwera n'kundiuza kuti amalume ndikufunabe kamera, manambala ali m'manja, ndidzapita ndekha kwa mayi ake kukamulankhulira, ngakhale zitanthauze kuti Khirisimasi ya chaka chino ndikadyera kwina.

Loweruka likubwerali ali ndi chinkhoswe ku Ndirande, akanyamula matirayipodi. Achemwali sakuyankhabe mauthenga anga, angoika sitetasi ya vesi la mwana wolowerera.