Inu a "wakhwimira mpando", samalani pakamwa

Ana inu a ku Thyolo ndi ku Mulanje tamverani kuno, pakamwa panupo mudzaphetsa napo munthu.

Zafika poti mnzanu akangokwezedwa pa esiteti, dzana dzanali mumathyola naye tiyi dengu lili kumsana, lero ndi kapitawo, mawa mwamuona pa sikelo akulemba makilo, inu basi pa gulupu ya WhatsApp "ameneyu wakhwimira mpando", wina kuseka, wina n'kuthirirapo ndemanga "paja kwawo nkumalire ku Muloza uko". Koma mukudziwa chimene mukunenacho? Akuluakulu akati uje ndi wokhwima sankanena moseka ayi, ankatanthauza kuti anapita kwa sing'anga, anatemera, penanso kuti anapereka m'bale wake kuti zake ziyende. Ndiye tsiku limene mwana wa mlongo wake adzamwalire ndi malungo, anthu amene anawerenga zolemba zanuzo adzaloza ndani?

Mwaiwala kale 2017? Mphekesera za anamapopa zinayaka konkuno, Mulanje, Phalombe, Thyolo, anthu anaphedwa ndi magulu a anthu olusa popanda ndi mmodzi yemwe amene anaona dontho la magazi opopedwawo. Zinayamba chonchi, akuti akuti. Komanso dziwani kuti lamulo la za ufiti la 1911 likadalipo, kuloza munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo zapafoni sizifufutika, wina anajambula kale sikirinishoti.

Ine ndaona akapitawo ambiri akusankhidwa. Bwana amaona amene amalawirira m'munda mvula ili pamutu nthawi ya dzinja tiyi akachuluka, amene dengu lake mumakhala masamba awiri ndi kansonga, osati inu othyola ndi makalamba omwe kuti sikelo ilemere, amene amatha kulemba mayina ndi manambala osasokoneza. Kapepala ka MSCE kamene inu munakanyoza kaja nakonso kamalankhula. Zokondera zilipo, sindikukana, mwana wa mlamu wa bwana timamudziwa tonse, koma kukondera ndi ufiti nzosiyana.

Akakhala mayi ndiye mumaonjeza, "wakwera ndi chiuno". Manyazi mulibe? Munthu ali ndi banja, ana ake ali pa gulupu yomweyo. Ngati mukudziwadi bwana amene akumapempha zogonana kuti apereke ntchito, wolakwa ndi bwanayo, kamuneneni ku bungwe la anthu ogwira ntchito m'maesiteti la PAWU, ku ofesi ya leba kapena ku Victim Support Unit kupolisi, osati kuyalutsa mayiyo.

Nanunso amene mwakhala pa mpando wononawo, siyani zokagulira aliyense mowa pa Luchenza tsiku la malipiro n'kumadzitama kuti "ine sindine wamasewera, ndinayendayenda". Inu mukuti ndi nthabwala, koma amene akukumwerani mowawo akusunga mawu amenewo.