Ati tonse tasamukira pa foni. Tonse ake ati?

Abale anga, lero ndilemba motalikirapo, mundipirire.

Loweruka lapitali ndinakaona mlamu wanga amene wagwira ntchito pa nyumba ina youlutsira mawu kwa zaka 17. Dzina lake ndi la wailesiyo ndisunga. Anamuitana ku ofesi ya abwana atangotuluka mu situdiyo, pepala la nkhani za masana likadali m'manja, n'kumupatsa envelopu. Kalatayo ndinaiwerenga ndekha. Inali yaulemu kwambiri. Imati ndalama za otsatsa malonda zachepa, omvera ambiri asamukira pa intaneti, kampani ikuchepetsa antchito, zikomo chifukwa cha kudzipereka kwanu. Iye anangoti, "Alamu, ine mpando uja sindikuulira. Koma anthu aja amene amandiimbira foni m'mamawa asamukira liti? Bwanji osandiuza?"

Funso limenelo landisowetsa tulo, chifukwa mawu akuti omvera asamukira pa intaneti sanayambire kwa abwana ake. Ndinayamba kuwamva kuchokera ku London.

Mu Seputembala 2022, BBC World Service inalengeza kuti ichotsa anthu 382 pofuna kupulumutsa mapaundi 28.5 miliyoni pachaka. Inati isiya kuulutsa pa wailesi m'zilankhulo khumi, kuphatikizapo Chiarabu, Chiperisiya, Chibengali ndi Chihindi, ndipo nkhani za m'zilankhulo ngati Chiyoruba ndi Chiigbo zizipezeka pa intaneti pokha. Pa 27 Januwale 2023 wailesi ya Chiarabu inatsanzika. Inayamba pa 3 Januwale 1938, ndiye kuti inali italankhula zaka 85. Anthu a ku Cairo, Khartoum ndi Sanaa anabadwa, kukula mpaka kukalamba akumva mawu ake oyambira aja akuti kuno ndi ku London.

Tsono tamverani zimene zinatsatira. Sipanathe miyezi itatu, pa 15 Epulo 2023, nkhondo inabuka ku Sudan. Magetsi anazima, netiweki inkadukaduka, anthu anathawa m'nyumba zawo ndi zovala za m'thupi zokha. Mu Meyi BBC yomweyo inakhazikitsa mwachangu pulogalamu yapadera ya Chiarabu ya anthu a ku Sudan. Pa chiyani? Pa wailesi ya shortwave, imene mawu ake amafika kutali kudutsa malire a maiko, ija ankati nthawi yake inatha. Mu Novembala chaka chomwecho anachitanso chimodzimodzi ku Gaza, koma pa wailesi ya medium wave. Ndipo chaka cha 2022 nkhondo itayamba ku Ukraine anali atachita kale zomwezo, kubwezeretsa shortwave kuti anthu azimva nkhani ngakhale intaneti itadulidwa. Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Chimene chimandipweteka n'chakuti kuya kwa chitsimechi ankakudziwa kale, anali atakuona ndi maso ku Ukraine miyezi isanu ndi umodzi asanalengeze zotseka.

Ndiye ine sindivomera kuti omvera ndi amene anathawa wailesi ya Chiarabu. Nkhani inali ya thumba, ndipo thumbalo linabooka chifukwa cha zosankha za andale. Kwa zaka zambirimbiri World Service inkalandira ndalama kuchokera ku unduna woona za maubale ndi maiko akunja wa Britain. Mu 2010 boma linaganiza zotula katunduyo, ndipo kuyambira Epulo 2014 BBC inayamba kulipirira World Service kuchokera ku chiphaso cha TV, ndalama imene nyumba iliyonse yoonera kanema ku Britain imapereka pachaka. Taganizani: mayi wa ku Manchester akulipirira nkhani zimene akumvera ndi mlimi wa ku Kano. Thumba likachepa, ayamba kudula za ndani? Wa ku Kano saponya voti ku Britain. Mu Januwale 2022 boma linalamula kuti mtengo wa chiphasocho uime pa mapaundi 159 kwa zaka ziwiri, pomwe mitengo ya zinthu inali kukwera tsiku ndi tsiku. Miyezi isanu ndi itatu itadutsa, makalata 382 aja analengezedwa.

Ngakhale kale zinachitikapo. Mu Januwale 2011 analengeza zochotsa anthu pafupifupi 650 ndi kutseka nthambi zisanu. Imodzi inali ya Chipwitikizi cha ku Africa, imene abale athu a ku Tete ndi ku Angónia akanatha kumva m'chilankhulo cha boma lawo. Kenaka mphepo inatembenuka, boma linaponyamo ndalama zina, ndipo mu 2017 ndi 2018 anatsegula Chiamhariki, Chioromo, Chitigrinya, Chiyoruba, Chiigbo ndi Pidgin. Achinyamata analembedwa ntchito ku Lagos ndi ku Nairobi, ena anasiya ntchito zokhazikika kuti akalowe kumeneko. Zaka zisanu zokha, mpeni unabweranso. Mu Januwale 2025 analengeza zochotsanso ena 130, ndipo mu Malichi chaka chomwecho HARDtalk, pulogalamu imene inapanikiza atsogoleri ambiri a mu Africa muno ndi mafunso kuyambira 1997, inatsekedwa. Moyo wa mtolankhani ukungoyendera nyengo ya bajeti ya anthu ena.

Mwina wina afunsa kuti za ku London zikutikhudza bwanji ife. Ine zimandikhudza chifukwa ndinaliko mu 1992.

Amene munabadwa matipate atabwera kale, dziwani kuti m'dziko muno munali wailesi imodzi yokha, MBC, ndipo kanema kunalibe mpaka 1999. Kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, zoona zake za chimene chinkachitikira maepiskopiwo sitinazimve pa wailesi yathu. Chakufwa Chihana atamangidwa pa bwalo la ndege ku Lilongwe pa 6 Epulo, chimodzimodzi. Bambo anga ankatseka mawindo madzulo, kutsitsa mawu a wailesi mpaka pansi, n'kuika khutu pa sipika, chala chikupotokola pang'onopang'ono kufunafuna pulogalamu ya BBC ya Focus on Africa pakati pa phokoso lija longa mvula ya pa malata. Ife ana tinkauzidwa kuti tikhale pakhomo, tikaona munthu akubwera tikhosomole. Mabatire akafooka ankawayanika padzuwa. Masiku amenewo ndi amene anandiphunzitsa kuti munthu wowerenga nkhani amene ali kutali, amene apayoniya sangamugogodere chitseko usiku, ndi wofunika ngati mankhwala. Pofika pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, anthu ambiri a m'mudzi mwathu anali atamva mbali zonse ziwiri, ndipo mbali inayo inadzera pa mawailesi akunja.

Sindikunena kuti mawailesi akunjawa ndi angelo. Ali ndi eni ake, ndipo eni akewo ali ndi zofuna zawo. Kangapo konse ndakwiyapo ndi mmene amaonetsera Africa ngati dera la njala ndi mfuti basi. Koma wailesi yotere ikachoka, malo ake sakhala opanda kanthu. Mkulu wa BBC pa nthawiyo, Tim Davie, ananena yekha mu 2024 kuti ku Lebanon, pamalo pomwe pankamveka BBC ya Chiarabu pa FM, panayamba kumveka wailesi yothandizidwa ndi boma la Russia. Womvera anatsegula pomwe ankatsegula kale, anapeza mawu ena.

Ku America zinachitika mwankhanza kuposa apa. Pa 14 Malichi 2025 Pulezidenti Donald Trump anasaina lamulo lochepetsa bungwe loyang'anira Voice of America, ndipo m'mawa mwake antchito oposa 1,300 anauzidwa kuti akhale kunyumba. Wailesi imene inayamba mu 1942 inangoti zii. Anzathu a ku Zimbabwe anataya Studio 7, pulogalamu ya Voice of America imene kuyambira 2003 inkawapatsa nkhani m'Chishona, m'Chindebele ndi m'Chingerezi pa nthawi imene mawailesi a m'dzikomo ankaimba nyimbo imodzi. Nkhaniyi inapita kukhoti, koma womvera wa ku Gokwe sadya zigamulo za ku Washington. Iye anangoona kuti madzulo kulibe kanthu.

Ndipo ife olankhula Chinyanja tili ndi bala lathulathu limene ambiri sitinalimve n'komwe. Channel Africa ya ku Johannesburg, imodzi mwa mawailesi ochepa akunja olankhula chilankhulo chathu, inasiya kumveka pa shortwave mu 2019 pamene malo otumizira mawu a ku Meyerton anatsekedwa. Inatsala pa intaneti ndi pa setilaiti. Agogo a ku Katete kapena ku Mchinji amene ankaitsegula pa kawailesi ka mabatire, ndani anawafunsa? Patangopita zaka ziwiri, mu Malichi 2021, SABC, nyumba youlutsira mawu ya boma la South Africa imene ndi mwini wake wa Channel Africa inatsanzikana ndi antchito 621.

Inde, zinthu zasintha, ndipo sindikukana. Inenso izi ndikulemba pa foni. Otsatsa malonda apititsa ndalama zawo ku Facebook ndi ku Google, achinyamata a m'tauni nkhani amazipeza pa WhatsApp ndi pa TikTok zisanafike mu situdiyo. Mwini wailesi amene akulephera kulipira magetsi ndi dizilo wa jenereta sakunama akamati zinthu zavuta. Chimene ndikukana ndi kutenga moyo wa anthu a ku Area 47 ndi ku Namiwawa n'kuutcha moyo wa dziko lonse. Amalawi ambiri amakhala kumudzi, ambiri alibe magetsi m'nyumba, ndipo amene ali ndi foni ya intaneti amawerengera bandulo ngati mchere wa kumapeto kwa mwezi. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, ku Chilobwe, ku Phalombe ndi ku Mulanje magetsi kunalibe, mafoni anathima, misewu inaduka. Chimene chinatsala chikulankhula ndi kawailesi ka mabatire, ndi munthu wina amene anagona mu situdiyo kuti aziwerenga maina a misasa ndi mauthenga a anthu ofunafuna abale awo.

Munthu ameneyo ndi amene akulandira envelopu masiku ano. Ndipo amayambira kuchotsa akuluakulu, chifukwa malipiro awo ndi okwererapo. Amatsala ndi achinyamata awiri atatu a pa kontilakiti ya miyezi isanu ndi umodzi, aliyense akhale mtolankhani, wojambula, mkonzi ndi woika nkhani pa Facebook nthawi imodzi. Anawa ndi akhama, ndimawalemekeza. Koma palibenso wamkulu wowauza kuti nkhani iyi usaulutse usanaimbire mbali inayo, kapena kuti nduna iyi inalonjezanso zomwezi zaka khumi zapitazo, pita ukafufuze tepi. Mwana amene akudziwa kuti kontilakiti yake itha mu Disembala safunsa funso lokwiyitsa kampani imene ikulipira pulogalamu yake. Inu atolankhani amene mukadali pa ntchito, musaone ngati anzanu achotsedwawo anali aulesi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mlamu wanga tsopano akuyesa kuyambitsa pulogalamu yake pa Facebook, akujambulira m'chipinda chochezera ndi foni yobwereka kwa mwana wake. Oonera alipo, ambiri ndi a ku Johannesburg ndi ku Leeds. Pamene ndinkatsanzika, foni yake inalira. Anali bambo wina wachikulire wa ku Ntchisi amene kwa zaka zambiri ankaimba pa pulogalamu ya m'mawa. Ankafunsa ngati akudwala, chifukwa papita milungu itatu osamumva. Mlamu anawafotokozera kuti tsopano akupezeka pa Facebook. Bambowo anafunsa kuti imeneyo ili pa nambala yanji pa wailesi.