Akuti ku Australia kunayambitsidwa ndi mbava, koma zinaba chani?

Abale anga, nthabwala ija yoti azungu a ku Australia ndi zidzukulu za mbava ine siindiseketsa. Mwa anthu pafupifupi 162,000 amene Britain inawatumiza kumeneko pakati pa 1788 ndi 1868, ambiri mlandu wawo unali kuba tinthu: chovala, mpango, wotchi, nkhosa. Wopha munthu nthawi imeneyo amangomunyonga. Amene amakwezedwa sitima anali amphawi, chilango chake zaka 7, ena 14, ena moyo wonse, ndipo olo umalize zaka zakozo boma silimakulipirira ulendo wobwerera kwanu, ndiye zaka 7 zija kwa ambiri zimangokhala kutsanzikana ndi mkazi ndi ana mpaka kalekale.

Poyamba amawataya ku America, koma nkhondo ya ufulu itayambika kumeneko mu 1775 khomo linatsekeka, ndende zinadzadza mpaka kumasunga akaidi m'zisitima zakutha pa mtsinje wa Thames. Mu May 1787 sitima 11 zinanyamuka ku Portsmouth, miyezi 8 pamadzi, kukafika January 1788. Koma ulendo wachiwiri wa 1790 ndi umene umandinyansa kwambiri. Kontrakitala wake anali kampani yogulitsa akapolo, ndipo amalipidwa powerenga mitu yokwera, ufike wamoyo usafike ndalama ndi yomweyo. Ndiye chakudya akupatsirenji chokwanira? Pa anthu anayi aliwonse mmodzi anafera m'njira, ena anatsika akukwawa.

Ukafika amakupereka kwa mwini munda kuti uzimugwirira ntchito ulere, ngati thangata uja anazunza agogo athu. Ukayankhiza bwana, chikoti. Ukalakwanso, ku ndende ya Port Arthur kapena pachilumba cha Norfolk, m'maunyolo.

Enanso sanabe kanthu nkomwe. Mu 1834 anthu 6 olima m'minda ya eni ku Tolpuddle, mudzi wa ku England, anapatsidwa zaka 7 chifukwa cholumbiritsana poyambitsa bungwe lokana kudulidwa malipiro. Zinatengera anthu kuchita zionetsero ku London kuti awakhululukire mu 1836.

Inde ena zinawayendera, sindikana. Mary Reibey anagwidwa ndi hatchi yakuba ali ndi zaka 13, anafika ku Sydney mu 1792, anadzakhala mayi wa bizinesi wolemera ndipo lero nkhope yake ili pa 20 dollar ya Australia. Koma apa ndi pamene chisoni changa chimasokonekera, chifukwa akaidi ena akamasulidwa amapatsidwa malo olima, ndipo malowo anali ndi eni ake, a Aborigine, amene palibe anawafunsa. Mu 1789 nthomba inapulula anthu a mtunduwu ambirimbiri kuzungulira Sydney, kenako kunabwera mfuti ndi nkhosa zodya msipu wawo. Munthu yemwe dzulo amakwapulidwa chifukwa choba mpango, boma lomwelo likumupatsa dziko la eni, ndipo izi palibe khoti linazitcha kuba.