Ukhala ku Marapodi, nena Marapodi

Dzulo ndakwiya zedi. Tinali mu basi ndi muphwa wanga kuchokera m'tauni muno mu Lusaka, foni yake yalira, mtsikana akumufunsa kuti ukhala kuti, iye osaphethira n'komwe akuti ku Emmasdale, kumayadi. Emmasdale iti? Mwana woti mchombo wake unagwera ku Marapodi, mayi ake mpaka lero amagulitsa tomato ndi kapenta pa kathebulo panja pa geti. Titatsika ndamufunsa, akuti "amalume mukudziwa kale, ukangotchula komboni anthu amakuonera pansi." Ndinachita kunjenjemera.

Iwe, dzina limene ukulibisalo ukulidziwa kumene linachokera? Marapodi ndi Marrapodi, mzungu wa ku Italy amene anali kontilakita kuno kalekale, ankaotcha laimu ndi njerwa, ndiye antchito ake anamanga tinyumba tawo pamalo ake, anthu n'kumangoti kwa Marapodi. Lusaka isanakhale n'komwe likulu mu 1935 anthu anali kale kupsa manja pa uvuni. Mzungu anapita, dzina linatsala ndi ife, tinalipinda pakamwa pathu mpaka likumveka lathu. Amene anasenza njerwa ndi agogo ako, ndiye iwe lero uchite nawo manyazi?

Mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Ukhala ku Marapodi nena Marapodi. Wa ku Mandevu anene Mandevu, wa ku Chaisa anene Chaisa. Ngakhale Lusaka yeniyeniyo ndi dzina la mfumu ya mudzi, a Lusaaka, ndipo mudzi wawo unali cha ku Manda Hill kumene kuli nyumba ya malamulo. Manda, inde manda omwewa oikako maliro, koma pajapo mumajambulitsa zithunzi n'kuika pa Facebook mosanyinyirika chifukwa kumapeto kuli Hill. A Kaunda anakhala ku Chilenje nyumba nambala 394 kuyambira 1960 mpaka 1962, kanyumba kochepa, ufulu anaumenyera mmenemo osati kumayadi.

Kaya ndi masukuluwa kaya ndi mafoni, zanu izo, bodza ndi bodza basi. Mtsikanayo tsiku lobwera kudzaona apongozi udzamutsitsa pa siteshoni iti?

Ndipo inu ma ejenti a nyumba ndinu amene mukuonjezera moto. Chipinda chimodzi, chimbudzi cha panja, madzi otunga pa kiyosiki, mwalemba "Emmasdale area" kuti lendi ikwere. Mvula ikagwa ngalande zadzaza mapulasitiki, matope mpaka m'akakolo, kansala sitimuona mpaka nthawi ya kampeni.