Ufumu unapita kwa Goodman, mapepala anali a Henderson

Dzulo usiku magetsi atathima ndinakhala pakhonde ndi kafoni kanga n'kumvetsera King Porter Stomp kawiri: yoimbidwa ndi bandi ya Fletcher Henderson mu 1933, kenako ya Benny Goodman mu 1935. Abale, nyumba ndi yomweyo, anangoipaka laimu watsopano. Malipenga akaponya, masakisofoni n'kuwakha, ngati amayi akulandizana nyimbo pamtondo. Mapepala amene anyamata a Goodman ankawerenga tsiku limenelo analemba ndi Henderson. Koma wotchedwa Mfumu ya Swing, mtundu wa jazi wovinira wa ku America, ndi Goodman, mzungu.

Henderson anabadwira ku Cuthbert, Georgia, mu 1897. Anaphunzira chemistry ndi masamu ku Atlanta University, ndipo mu 1920 analowera ku New York. Munthu wakuda nthawi imeneyo, ntchito ya mu labotale akanaipeza kuti? Anatsamira piyano imene amayi ake anamuphunzitsa ali mwana, n'kulowa ku Black Swan, kampani ya zimbale ya anthu akuda, komwe ankaimbira Ethel Waters.

Pofika 1924 bandi yake inali ku Roseland Ballroom, holo yovinira ya ku New York, oimba akuda, ovina azungu okhaokha. Tangoonani anthu amene anasonkhanitsa! Coleman Hawkins pa sakisofoni, Don Redman wokonza nyimbo, ndiye kumapeto kwa chakacho anaitanitsa Louis Armstrong kuchokera ku Chicago. Armstrong anangokhala chaka chimodzi chokha, koma mukamvetsera Sugar Foot Stomp ya 1925 mumva nokha: anzake akuimba ngati amangidwa tayi pakhosi, iye akangolowa nyimbo yonse imamasuka m'chiuno. Ineyo gawo limenelo ndimalibwereza mpaka batire kufiira.

Tsono ambiri amati Goodman anaba. Ine ndikukana, anagula. Mu 1934 bandi ya Henderson inapasuka, m'thumba mulibe kanthu, pamene Goodman anali atapeza pulogalamu ya Let's Dance pa wailesi ya NBC ndipo ankasowa nyimbo zokonzedwa kale. Goodman sanabise kuti analemba ndani, ndipo mu 1939 analemba Henderson ntchito yoimba piyano m'bandi yake, zimene azungu ambiri sakanayerekeza. Chondiwawa si Goodman ayi, koma kuti mpata wotero wa pa wailesi, wolipiridwa ndi kampani yaikulu ya mabisiketi, bandi ya akuda sikanaununkha n'komwe.

Komanso tisamuyeretse kwambiri Henderson. Anali wofatsa mopitirira muyeso. Oimba kubwera mochedwa, ena atalawako, iye duu. Kulondola malipiro kunkamuvuta. Mkazi wake Leora ankati chichitireni ngozi ya galimoto mu 1928, ngakhale kachangu kochepa kamene anali nako kanatheratu. Duke Ellington naye anali wakuda, tsankho linali lomwelo, koma bandi yake anaigwira mpaka imfa yake mu 1974. Apa ndiye ndimasiyana ndi anzanga amene amaloza khungu lokha.

Sitiroko inamugwira Henderson mu 1950, piyano n'kusiyira pomwepo, ndipo anamwalira mu Disembala 1952 ali ndi zaka 55. Mu 1961 a kampani ya zimbale ya Columbia anasonkhanitsa nyimbo zake n'kuzitcha A Study in Frustration, kunena za munthu amene zake sizinamuyendere. Dzinalo limandinyansa pang'ono. Ikani Wrappin' It Up ya 1934, mukweze voliyumu, mundiuze mu komenti ngati mukumvamo munthu wogwa ulesi.