Chenjezo kwa Alenje a Uta: Lekani Kusankha Nsonga ya Muvi ndi Maso

Anyamata inu amene mwayamba kusaka ndi uta, komanso inu akuluakulu anzanga amene mukuwalekerera, lero ndiyankhula pagulu chifukwa zonong'onezana zakanika. Munthu amataya ndalama zankhaninkhani pogula uta, zovala zamawangamawanga ndi kachipangizo koyezera mtunda, koma ikafika nkhani ya broadhead, nsonga yamipeni ija yokhala kumutu kwa muvi, amangotola paketi imene yamukomera m'maso n'kumapita. Kodi manyazi mulibe? Pa katundu yense amene mwasenza popita kutchire, chimene chimakalowa m'thupi la nyama ndi nsongayo. Mukaisankha mwachibwana, wolipira ndi nyama imene ikafere kutali patapita masiku, itatupa bala, inu muli gone kunyumba.

Ambiri mwachokera kumfuti, ndiye mukuyesa muvi umapha ngati chipolopolo. Chipolopolo chimaphwanya mafupa ndi minofu chifukwa cha liwiro lake. Muvi ulibe mphamvu yotere ngakhale pang'ono, umapha pocheka. Umadula mitsempha, kuboola mapapo, nyama n'kutaya magazi mpaka kugwa. Muvi wakuthwa ukadutsa mapapo onse awiri n'kutulukira mbali inayo, kawirikawiri nyama sipita patali, ndipo magazi amakha pa mabala awiri, kukusiyirani mkwasa woti mulondole. Koma ukangolowa theka n'kuima, bala limakhala limodzi, nthawi zambiri lili m'mwamba, magazi n'kumathera m'kati. Mudzasaka mpaka mdima osaona ngakhale dontho pa tsamba.

Choncho funso loyamba ndi lakuti nsonga yanuyo ndi yakuthwa bwanji. Musandiuze kuti ndi yatsopano. Zambiri zimatuluka m'paketi zisanafike pakuthwa koyenera. Mtsempha wa magazi ndi wotanuka ndiponso woterera, moti mpeni wobuntha umangoukankhira pambali n'kudutsa. Ngakhale uudule, umachita kuung'amba, ndipo bala long'ambika magazi ake sachedwa kuundana, pamene lochekedwa bwino limakha kwa nthawi yaitali. Aliyense amene anadzichekapo ndi lezala pometa ndevu akudziwa mmene kabala kakang'ono kamavutira kuleka magazi. Kuyesa kwake n'kosavuta. Tengani timalabala tingapo, mutikunge pa kamtengo kamphanda, kenako mukankhirepo nsongayo pang'onopang'ono. Yakuthwa imangokhudza, labala n'kuduka phwa. Yobuntha imamukankha, iye n'kutanuka, kenako n'kuterereka pambali ali wathunthu. Zimene mwaona pa labalayo ndi zimene zikachitike pa mitsempha ya nyama.

Ndiye pali khalidwe lonyansa ili lolasa chandamale masana ndi nsonga, madzulo ake n'kuitenga yomweyo kukasakira. Yalowa m'chandamale, mwina yaphonya n'kukumba dothi, inu mwangoipukuta pa buluku n'kuibwezera m'phodo. Patulani nsonga zina zamipeni zoyeserera pa chandamale, zina zikhale zosakira, ndipo iliyonse imene yalasapo kanthu inoledwe kapena isinthidwe mipeni isanapite kutchire. Ngakhale yongokhala m'phodo imabuntha, chifukwa chokhulana ndi siponji pozula ndi pobwezera, komanso chifukwa cha dzimbiri likagwa mvula kapena mame. Pakani timafuta pang'ono m'mphepete mwa mipeni, ndipo muziiyesa nthawi ndi nthawi nyengo yonse yosaka.

Tsopano ndifike pamene pagona misala yeniyeni, pa nkhani ya kukula kwa bala. Mumaonera mavidiyo a otsatsa malonda, magazi ali tapatapa pa udzu, n'kuthamangira nsonga zotseguka zija amati mechanical, zimene mipeni yake imakhala yopindika pouluka n'kutambasuka ikagunda nyama. Zina zimacheka bala la mainchesi 2, pafupifupi masentimita 5, pamene nsonga zosatseguka zambiri zimangopitirira pang'ono inchesi imodzi. Pamenepo mtima wanu umangoti chachikulu ndiye chabwino. Simudzifunsa kuti mphamvu yokankhira mipeni yotambalala chonchoyo ichokera kuti. Kutsegula mipeniyo kumadya mphamvu. Kucheka chikopa, nthiti ndi minofu pa mtunda wa masentimita 5 kumadyanso mphamvu kuposa kucheka masentimita 3. Muvi umachoka pa nsinga ndi mphamvu yowerengeka, ndipo palibe poonjezera uli m'njira.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti nsonga zotseguka n'zachabechabe. Kwa munthu wa uta wofuna mphamvu ya mapaundi 60 kapena 70 poukoka, wa mkono wautali wokoka nsinga patali, amene akulasa nyama yachikopa chopyapyala ngati nswala kapena gwape itaima chopingasa bwinobwino, zimagwira ntchito, ndipo bala lake ndi losavuta kulondola. Amene ndikukalipira ndi bambo uja wogulira mwana wake uta wa mapaundi 40 n'kumumangira nsonga yotseguka ya mainchesi 2 chifukwa choti iye mwini amagwiritsa yomweyo. Mwanayo adzalasa pamalo oyenera ndithu, koma muvi udzangolowa pang'ono, nyama n'kuthawa nawo uli lende. Mwana adzalira, n'kumadziona ngati sadziwa kulasa, chonsecho wolakwa ndi bambo. Uta wopepuka, mkono waufupi, kapena uta wamtengo wopanda mawilo aja okhala kumapeto kwa mauta amakono, zonsezi zimafuna nsonga yosatseguka ya mipeni iwiri, imene imayamba kucheka pansonga penipeni ikangokhudza chikopa. Imeneyo siwononga mphamvu, imangolowa.

Dziwaninso kuti chinthu chokhala ndi zolumikiza zambiri chili ndi malo ambiri othyokera. Mipeni ya nsonga zotseguka imagwiridwa ndi kalabala, kakolala kapulasitiki kapena kasipuling'i. Kalabala kakakhalitsa padzuwa kamauma n'kung'aluka, mpeni umodzi n'kutseguka muvi uli m'mwamba, muviwo n'kukhotera kumene ukufuna. Pa uta wa crossbow, uja wokhala chopingasa pa chogwirira chonga cha mfuti, umene umaponya ndi liwiro lalikulu, vutoli limakula, n'chifukwa chake pali nsonga zopangidwira uta umenewo. Nyama ikaima mopendekera kwambiri, mitundu ina ya nsongazi imayamba kugunda ndi mpeni umodzi, muvi n'kupatuka osalowa molunjika. Nanga ndi angati mwa inu amene amayang'ana timalabalato m'mawa asanalowe m'tchire?

Zimene ndikunenazi ena anazifufuza mofatsa. M'zaka za m'ma 1980, m'chigawo cha Natal ku South Africa, Dr. Ed Ashby wa ku America anachita nawo kafukufuku woona mmene mivi imalowera m'nyama zenizeni, ndipo anapitiriza ntchitoyi kwa zaka zambiri, mpaka pa njati za ku Australia. Chimene anaika patsogolo pa zonse ndi kulimba: nsonga ikapindika kapena kuthyoka pa fupa, ubwino wake wina wonse wathera pomwepo. Chotsatira ndi kuuluka kowongoka kwa muvi. Anapezanso kuti nsonga yaitali koma yopapatiza, imene utali wake ndi pafupifupi katatu mulifupi mwake, imalowa mosavuta, ndiponso kuti pofuna kuswa fupa lolimba muvi wonse uzilemera magrain 650 kapena kuposerapo, omwe ndi pafupifupi magalamu 42. Nsonga yonoledwa mbali imodzi ya mpeni uliwonse, imene amati single bevel, imazungulira polowa ndipo kuzungulirako kumang'alula fupa. Sikuti aliyense wosaka gwape asenze muvi wa njati, ayi. Koma amene akupita kukalasa ntchefu, njati kapena nguluwe yaimuna yokhwima chikopa cha paphewa, atanyamula kamuvi kopepuka ndi kansonga ka aluminiyamu kokhala ndi mipeni yopyapyala, ameneyo akukazunza nyama, ndipo pa njati akuika moyo wake ndi wa omuperekeza pachiswe. Nyama imasuntha muvi uli m'njira, ndipo tsiku lina mudzagunda fupa la phewa ngakhale ndinu katswiri. Sankhani nsonga poganizira tsiku limenelo.

Za kulemera ndidutse mwachangu. Nsonga zambiri ndi za magrain 100 kapena 125, kutanthauza magalamu pafupifupi 6.5 ndi 8, ndipo ziliponso za 150, 200 ndi kupitirira. Yosakira ilemere mofanana ndi nsonga yophunzirira, yopanda mipeni ija, imene mwakhala mukulasira. Mukaonjezera kulemera kumutu, thunthu la muvi limapindika kwambiri pochoka pa nsinga, choncho mungafunike mivi yolimbirapo. Onani tchati cha opanga mivi, ndipo gulani kasikelo muziyeza nokha.

Chimene chimandipweteka mutu kwambiri ndi anthu amene sanalasepo broadhead ngakhale kamodzi asanakumane ndi nyama. Chaka chonse amalasa ndi nsonga zophunzirira, mivi ikuunjikana pakatikati pa chandamale, usiku womaliza n'kumanga nsonga zamipeni n'kukagona ndi mtima uli m'malo. Mipeni ija ili ngati mapiko amene mwaika kutsogolo kwa muvi, ndipo imalimbana ndi nthenga zakumbuyo pa nkhani yowongolera. Ngati uta sunachunidwe bwino, muvi n'kumachoka uli chopendekera pang'ono, nsonga yophunzirira imabisa vutolo koma yamipeni imagwira mphepo n'kupatuka. Pa mamita 20 mwina simungaone kusiyana kwenikweni, pa mamita 40 mudzalasa m'mimba nyama imene munailozetsa pamapapo. Ndipo nyama yolasidwa m'matumbo imavutika maola ambiri isanafe.

Mukamanga nsonga, imikani muvi chozondoka, nsongayo pa thabwa losalala, muuzungulitse ndi zala. Yang'anitsitsani pamene nsonga yalumikizana ndi thunthu. Wowongoka umazungulira phee ngati waima, wokhota umagwedezeka pamenepo ndipo mumaumva ukunjenjemera m'zala. Wogwedezekawo usapite kutchire. Kenako lembani manambala pa nthenga, mulase muvi uliwonse pa chandamale cha siponji choyenera mipeni, kufikira mtunda umene mukufuna kukalasira nyama. Ngati nsonga zamipeni zikugwera kwina, zophunzirira kwina, konzani uta, yang'anani potsamira muvi ndi kulimba kwa thunthu. Ena mukaona zimenezi mumangothawira ku nsonga zotseguka chifukwa zimauluka ngati zophunzirira. Pamenepo mwangophimba matenda. Muvi ukuchokabe chopendekera, ukafikanso pa nyama chopendekera, ndipo mphamvu yake ina ikatayikira m'mbali m'malo mokankha kutsogolo.

Za nsonga zachinyengo zodzaza pa intaneti, zofanana maonekedwe ndi za makampani odziwika koma zotchipa modabwitsa, ndingoti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chitsulo chake sichidziwika, m'paketi imodzi kulemera kumasiyana, ndipo mipeni imapindika pa nthiti wamba.

Lamulo nalo liwerengeni musanagule. Ku Britain kusaka nyama ndi uta n'koletsedwa kotheratu. M'zigawo zambiri za ku America nsonga iyenera kucheka mulifupi mosachepera 7/8 ya inchesi, pafupifupi mamilimita 22, ndipo m'madera ambiri nsonga zokhala ndi ngowe zokana kuzuka n'zoletsedwa, chifukwa nyama ikapulumuka muvi uyenera kutha kugwa bala n'kupola. Kwina amaika malire pa nsonga zotseguka, pa kulemera kwa muvi ndi pa mphamvu ya uta malinga ndi mtundu wa nyama. Malamulowa amasinthidwa, choncho funsani a zanyama zakutchire a dera limene mukukasakako, mutengenso chiphaso. Zoti "mnzanga anandiuza" sizikakuthandizani mukagwidwa.

Nsonga imene ndakuuzani kuti ikhale yakuthwa kwambiriyi sidziwa mwini wake. Ndimaona anyamata akumanga broadhead ndi zala zokhazokha, akupotokola mwamphamvu, chala chili pa mpeni. Pali kasipanala kapulasitiki kopangidwira ntchito imeneyo, kagwiritseni. Phodo likhale lophimba mipeni yonse, osati lina lija losiya nsonga zikusuzumira kumbuyo kwa khosi. Musayende muvi uli pa nsinga pokhapokha mutafika polasa, musadumphe ngalande kapena mpanda muli nawo m'manja, ndipo pokwera mtengo siyani uta pansi mudzaukoke ndi chingwe mutakhazikika. Munthu akagwera nsonga imeneyi n'kudula mtsempha waukulu wa pantchafu, amatha m'mphindi zochepa, ndipo kutchire chipatala chili kutali.

Nyama ikagwa, musathamangire kupisa mkono m'chifuwa. Yambani mwapeza muvi, muwerenge mipeni yake. Ngati umodzi ukusowa, kapena nsonga yonse yatsalira m'kati, tumbulani mofatsa, tsegulani kwambiri kuti muziona pamene dzanja likupita, ndipo chotsani mapapo ndi mtima pang'onopang'ono. Nyama yokalamba ikhozanso kukhala ndi nsonga ya mlenje wina wosasamala imene inakwiririka m'mnofu chaka chatha. Mpeniwo ukapanda kupezeka, uzani aliyense amene athandize kusenda ndi kudula nyamayo asanaigwire, ndipo chigawo chimene muvi unadutsa muchidule nokha.